Mbale za Galamafoni ndi Mbiri ya Mabanja a ku Kapelula

Woyimba wa masiku ano akatulutsa nyimbo khumi kapena kuposerapo pa nthawi imodzi, Amalawi amanena kuti watulutsa chimbale, ngakhale kuti nyimbozo zimafika kwa omvera kudzera pa foni, pa kompyuta kapena pa wayilesi, ndipo palibe chooneka ngati mbale chimene munthu angachigwire m'manja. Mawuwa anatsalira kuchokera pa nthawi imene nyimbo zinkadindidwa pa chinthu chakuda, chozungulira ndi chopyapyala, chimene makolo atachiona anachifanizira ndi mbale yodyera, nachipatsa dzina lomwelo. Mbale zoterezi zinasiya kugulitsidwa m'masitolo a m'Malawi zaka zambiri zapitazo, koma sizinathe zonse, pakuti zina zidakali m'mabokosi achitsulo, m'masutikesi ndi m'makabati a mabanja a kumidzi, makamaka m'madera amene amuna ake ankapita kukagwira ntchito kunja kwa dziko kapena ankapeza ndalama za fodya.

Dera la Mfumu Kapelula, kum'mawa kwa boma la Kasungu, lili m'gulu la madera otere, chifukwa mbiri ya maulendo a kumigodi ndi mbiri ya minda ya fodya zinakumana m'chigwa cha Kasungu. Ku Ulaya ndi ku America, wosunga mbale amakhala munthu amene amazisaka m'masitolo ndi pa intaneti mpaka kudzaza nazo chipinda, pamene kumidzi ya ku Kasungu wosunga mbale kawirikawiri ndi gogo, mayi wamasiye kapena mdzukulu amene ali ndi mbale zowerengeka, mwinanso alibe n'chipangizo choziyimbira chomwe, koma amadziwa amene anagula mbale iliyonse, kumene anaigula ndi chimene chinkachitika m'banjamo chaka chimenecho. Phindu lalikulu la mbalezi lagona m'chidziwitso chimenecho, ndipo ndicho chimene chili pangozi yotayika msanga kuposa mbale zenizenizo.

Mbale ndi kayimbidwe kake

Luso losunga mawu kuti adzamvekenso linayamba mu 1877, pamene Thomas Edison wa ku America anapanga makina ojambula mawu pa kachitini kozungulira, ndipo patapita zaka khumi, mu 1887, Emile Berliner anabweretsa galamafoni, imene inkayimba mawu odindidwa pa mbale. Pamwamba pa mbale pali kanjira kamodzi kopyapyala ngati tsitsi, kamene kamayambira m'mphepete n'kumazungulira mpaka kufika pakati, ndipo m'mbali mwa kanjirako muli timakwinya tosaoneka ndi maso timene timatsatira kukwera ndi kutsika kwa mawu. Mbale ikamazungulira, singano imayenda m'kanjirako n'kumanjenjemera motsatira timakwinyato, ndipo kunjenjemerako kukakulitsidwa kumasanduka nyimbo imene anthu amamva. Izi zikutanthauza kuti nthawi iliyonse imene mbale yayimbidwa, singano imaipala pang'ono, kotero kuti mbale yokondedwa kwambiri ndiyo imayamba kutha, monga mwambi unenera kuti ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika.

Mbale zoyamba kufika kuno zinali zolemera ndi zosachedwa kusweka, chifukwa zinkapangidwa ndi utomoni wouma wochokera ku tizilombo tina ta m'mitengo ya ku India ndi maiko oyandikana nawo. Zinkazungulira ka 78 pa mphindi imodzi, mbali iliyonse inkatenga nyimbo imodzi ya mphindi pafupifupi zitatu, ndipo galamafoni yake inkapukusidwa ndi dzanja, osafuna magetsi kapena mabatire, zimene zinaichititsa kukhala yoyenera kumudzi. Mu 1948 kampani ya Columbia inatulutsa mbale yaikulu ya pulasitiki wotchedwa vinyl, yotambalala masentimita 30, yozungulira pang'onopang'ono, ka 33 ndi kachigawo pa mphindi, imene inkasunga nyimbo za mphindi zoposa 20 mbali imodzi, ndipo imeneyi ndiyo inayenera dzina lakuti chimbale. Chaka chotsatira, mu 1949, kampani ya RCA Victor inatulutsa kambale kakang'ono kozungulira ka 45 pa mphindi, kokhala ndi nyimbo imodzi mbali iliyonse, ndipo chifukwa chakuti kanali kotsika mtengo, kopepuka ndi kosavuta kulongedza pakati pa zovala, ndiko kanadzaza masutikesi a anthu obwerera kwawo.

Njira zimene mbale zinadzera

Anthu a ku Kasungu anayamba kale kupita kummwera kukafuna ntchito, ndipo chitsanzo chodziwika kwa aliyense ndi Hastings Kamuzu Banda, amene anachoka kwawo ku Kasungu ali mnyamata cha m'ma 1915, nayenda wapansi mpaka ku Southern Rhodesia asanapitirire ku South Africa. M'zaka zotsatira, maulendowa anakhazikika kudzera m'mabungwe olemba anthu ntchito. Bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu ankalitcha Wenela, linkatenga amuna kupita nawo ku migodi ya golide ya ku Joni, ndiko kuti dera la Johannesburg, pamene bungwe lodziwika ndi dzina lakuti Mthandizi linkapereka antchito ku minda ya azungu ya ku Southern Rhodesia. Ena ankapita okha ku Halale, ku Bulawayo ndi ku migodi ya kopa ya ku Zambia, ndipo amene ankakhalitsa osabwerera ankatchedwa matchona.

Kumene anthuwa ankapita ndiko kunali mafakitale a mbale. Ku Johannesburg, Eric Gallo anayambitsa bizinesi yake mu 1926, ndipo inakula n'kukhala kampani yaikulu yojambula oyimba a kummwera kwa Africa. Ku Bulawayo kunali fakitale ya Supersonic, imene inkapanga mawayilesi ndi zipangizo zoyimbira mbale, ku Ndola kunali fakitale ya Teal yodinda mbale, ndipo ku Nairobi kunkadindidwa mbale zimene zinkafalikira kum'mawa ndi pakati pa Africa. Munthu womaliza nyengo yake ya ntchito ankayembekezeka kufika kwawo ndi zinthu zooneka, monga bulangeti, suti, njinga, makina osokera kapena galamafoni, chifukwa katunduyo ndiye ankachitira umboni pamaso pa mkazi, apongozi ndi mudzi wonse kuti zaka zimene anasowa pakhomo sizinapite pachabe. Mwa katundu yenseyo, mbale zinali ndi mwayi wina wakuti zinkasangalatsa mudzi wonse pa nthawi imodzi, pamene suti inkavalidwa ndi munthu mmodzi.

Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974, ndege ya Wenela imene inanyamula anthu obwerera kwawo inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafa, zimene zinachititsa Pulezidenti Banda kuimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. M'zaka ziwiri zotsatira, amuna ambirimbiri anabwerera kumudzi ndi mabokosi awo. Kulembako kunayambiranso mu 1977 kudzera m'bungwe la TEBA, limene pakamwa pa Amalawi linasanduka Theba, koma chiwerengero sichinafikenso pakale, ndipo kunatheratu mu 1988. N'chifukwa chake mbale zambiri zimene zimapezeka m'mabokosi a kumidzi ndi za zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pakuti imeneyo ndiyo nthawi imene maulendo anali ochuluka ndiponso timbale ting'onoting'ono tinali paliponse.

Ndalama za fodya ndi gumbagumba

Kubwerera kwa anthu a kumigodi kunachitika pa nthawi imene chigwa cha Kasungu chinkasanduka dera la maesiteti, ndiyo minda ikuluikulu ya fodya. Makampani monga General Farming ndi Press Farming anatsegula minda yambiri, bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linkaphunzitsa Amalawi kulima fodya woumitsa ndi kutentha kwa mapaipi m'mabalani, ndipo malamulo a nthawiyo ankalola maesiteti okha kulima fodya wamtunduwu ndi fodya wa bale, kufikira mu 1990 pamene alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima bale. Alimi a m'midzi ankagulitsa fodya wawo wa mitundu ina ku ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, pamene mabelo a maesiteti ankapita ku okushoni ku Limbe, kenako ku Kanengo mu Lilongwe, msika wa Chinkhoma usanatsegulidwe m'boma la Kasungu momwemo. Maesitetiwa anakoka matenanti ochokera kutali, makamaka ku maboma othinana a kummwera monga Mulanje ndi Thyolo, amene ankalima pa munda wa mwini esiteti, kulandira chakudya pa ngongole, n'kudzalipidwa kamodzi fodya akagulitsidwa.

Kalandiridwe ka ndalama koteroko kanakhudza kagulidwe ka zinthu, popeza mlimi wa fodya amavutika pafupifupi chaka chathunthu, kuyambira pa nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kuyanika m'zigafa, kusankha masamba mpaka kudinda mabelo, koma ndalama amaiona nyengo imodzi yokha. Chinthu chogulidwa m'nyengo imeneyo chimasanduka chizindikiro cha chakacho, ndipo monga mmene banja limakumbukira chaka chimene linafolera nyumba ndi malata kapena kugula ngolo, limakumbukiranso chaka chimene linagula gumbagumba. Dzinali linkaperekedwa kwa chipangizo chachikulu choyimbira mbale, chokhala ndi zokuzira mawu zamphamvu, chimene kumudzi kopanda magetsi chinkayendera mabatire. Kwa tenanti, amene nthawi zina ankatsala wopanda kanthu ngongole ikachotsedwa, ngakhale kambale kamodzi kogulidwa pa sitolo ya paboma kankasonyeza kuti chaka chimenecho panatsalako kanthu.

Gumbagumba sinali ya m'nyumba mokha, chifukwa mwini wake ankaitanidwa ku maukwati, ku zinkhoswe, ku mowa ndi ku madansi a nyengo ya Khirisimasi, kumene anthu ankaponya ndalama kuti nyimbo imene aikonda ibwerezedwe, ndipo wina ankatha kuponya yoposa kuti ichotsedwe paikidwe yake. Motero mbale zinkabweza ndalama imene zinagulidwira, ndipo mwini mbale zambiri ankakhala munthu wodziwika m'midzi yozungulira. M'dera limene gule wamkulu, chimtali ndi mganda zinali ndi mabwalo ake ndi nthawi zake, nyimbo za m'mbale zinadzipezera malo pambali pa magulewo, makamaka pakati pa achinyamata, amene ankaphunzira mavinidwe atsopano poonera matchona.

Nyimbo zimene zinali m'mabokosi

Munthu akasanthula bokosi la mbale zakale, amaona mapu a maulendo a mwini wake. Kuchokera ku South Africa kunabwera kwela, nyimbo za kachitoliro kachitsulo, kenako simanjemanje ya Mahlathini ndi Mahotella Queens. Kuchokera ku Congo kunabwera rumba ya Franco ndi gulu lake la OK Jazz, limene linayamba mu 1956, ndiponso ya Tabu Ley. Nyimbo za benga za ku Kenya, zoyimbidwa kwambiri m'chiyankhulo cha Aluo, zinafika pa timbale tolembedwa dzina la Kanindo, lochokera kwa wojambulitsa nyimbo Phares Oluoch Kanindo, ndipo omvera a kuno ndi a ku Zimbabwe, amene sankamva mawu a nyimbozo, anatenga dzina la pa chipepala cha pakati pa mbale n'kulipereka kwa mtundu wonse wa nyimbozo, mpaka lero umatchedwa kanindo. Panalinso mbale za oyimba a ku America monga Jim Reeves, amene anafa pa ngozi ya ndege mu 1964, ndi Skeeter Davis, amene nyimbo zawo zodekha zonena za chikondi, kusiyana ndi chikhulupiriro zinalowa m'mitima ya Amalawi ambiri.

Mbale za ku Zambia zinali ndi malo apadera chifukwa zambiri zinkayimbidwa m'Chinyanja. Alick Nkhata, amene ankagwira ntchito pa wayilesi ya Central African Broadcasting ku Lusaka ndipo bambo ake anali ochokera ku Nyasaland, anatchuka m'maiko onse atatu a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, pa nthawi imene kawayilesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949, kankalowa m'midzi. Pambuyo pake Nashil Pichen Kazembe anayimba nyimbo ya Aphiri Anabwera, yonena za munthu amene anakhalitsa kunja n'kubwerera kwawo ndi sutikesi yopanda kanthu, napeza abale ake atamwalira. Nyimboyi inakhudza kwambiri mabanja a matchona, chifukwa inanena poyera chinthu chimene aliyense wopita ku Joni kapena ku Halale ankachiopa, ndipo mbale yake inkalowa m'masutikesi a anthu amene ankayesetsa kuti nkhaniyo isawachitikire.

Mbale za oyimba a m'Malawi momwe muno ndi zochepa, ndipo chifukwa chake n'chakuti dziko lino linalibe fakitale yodinda mbale. Kampani ya Nzeru inatulutsako timbale ta oyimba a kuno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, koma sinakhalitse. Oyimba ambiri otchuka, monga Allan Namoko, Robert Fumulani ndi Michael Yekha, ankajambulitsa nyimbo zawo pa matepi a ku wayilesi ya MBC, imene inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo anthu ankawadziwira pa wayilesipo. Nyimbo za makolo zinadindidwa pa mbale makamaka kudzera mwa akatswiri ofufuza. Hugh Tracey, amene anayambitsa nkhokwe ya International Library of African Music mu 1954, anajambula nyimbo za Achewa, Atumbuka, Atonga, Amang'anja ndi Ayao m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958, ndipo nkhokweyo ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa kuyambira mu 1978. Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka mu 1967, nathandiza kuti nyimbo zawo zidziwike ku Ulaya. Mbale zoterezi zinkathera m'mayunivesite akunja, kotero kuti mudzi wa ku Kasungu unkatha kukhala ndi nyimbo za ku Congo ndi ku America m'bokosi, pamene nyimbo za Achewa anzawo zinali m'mashelefu a maiko akunja.

Boma nalo linkayang'anira zimene anthu ankamvera. Lamulo la mu 1968 loona za mabuku, mafilimu ndi zosangalatsa linapatsa bungwe lounika mphamvu yoletsa nyimbo, ndipo chitsanzo chimene chimakumbukiridwa kwambiri ndi nyimbo ya Cecilia ya Simon ndi Garfunkel, imene inaletsedwa chifukwa dzinalo linali lofanana ndi la Mama Cecilia Kadzamira. M'nthawi imeneyo, pamene dziko linali ndi wayilesi imodzi yokha ndipo linalibe kanema, bokosi la mbale linali malo amodzi mwa ochepa pamene munthu ankadzisankhira yekha chimene afuna kumva.

Zimene mbale imakumbutsa mwini wake

Osunga mbale akamafotokoza za chuma chawochi, sayambira pa dzina la woyimba kapena chaka chimene nyimbo inajambulidwa, monga amachitira akatswiri, koma amayambira pa munthu. Amanena kuti iyi anabwera nayo malume pa ulendo wawo wachiwiri, iyi inagulidwa chaka chimene fodya anachita bwino, iyi ndiyo inavinidwa pa ukwati wa achemwali, ndipo iyi malemu bambo sankalola mwana aliyense kuigwira. M'mabanja ambiri a kumidzi, mmene zithunzi zinali zosowa ndipo makalata anadyedwa ndi chiswe, mbale ndiyo inatsala ngati chinthu chokhacho chimene munthu wakale anachisankha yekha ndi mtima wake. Khasu ndi njinga zimasonyeza ntchito imene munthu ankagwira, pamene mbale imasonyeza chimene chinkamusangalatsa, chimene chinkamuliza ndi chimene ankachilakalaka ali kutali ndi kwawo.

Mbale yokhayo imakhalanso ndi zizindikiro zimene zimawerengeka ngati kalata. Popeza mbale zinkabwerekedwa ndi kusakanikirana pa madansi, eni ake ankalemba maina awo pa chipepala cha pakati kapena pa chikuto, nthawi zina pamodzi ndi dzina la mudzi kapena la mgodi, ndipo pa mbale imene inasinthana manja pamaoneka dzina lofufutidwa ndi lina lolembedwa pamwamba pake. Pa zikuto zina pamakhala chidindo cha sitolo imene inagulitsa mbaleyo, chimene chimaulula tauni imene mwini wake ankakhala. Mbali imene inkakondedwa imaoneka yotuwa chifukwa chopalidwa ndi singano, pamene mbali inayo imakhala yonyezimira ngati yatsopano. Ngakhale chipsera chimene chimadumphitsa singano chimakhala ndi mbiri yake, ndipo ana amene anakula akumva nyimbo ikudumpha pamalo amodzimodzi amati akaimva yosadumpha pa foni, amaona ngati yasowa kanthu.

Ubale wa amayi ndi mbalezi uli ndi kulemera kwake, chifukwa iwo ndiwo ankatsala pakhomo kulima, kulera ana ndi kudikira kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo. Kwa mayi wotere, nyimbo ina imakumbutsa tsiku limene mwamuna anatsika basi ndi bokosi pamutu, pamene ina imakumbutsa ulendo umene sanabwerereko. Ana amene anabadwa bambo awo ali ku Joni anayamba kuwadziwa bambowo ngati mlendo wobwera ndi nyimbo zachilendo, ndipo ambiri mwa iwo, amene lero ndi agogo, amasunga mbalezo ngakhale gumbagumba inawonongeka kalekale. Kusamva chiyankhulo sikunalepheretse ubalewu, popeza omvera ankaika mawu a Chichewa pamene pankamveka mofanana, kupatsa nyimbo maina awoawo ndi kuimangirira ku nkhani za m'mudzi mwawo, kotero kuti nyimbo ya Chilingala kapena Chizulu inkakhala ndi tanthauzo lina ku Kapelula limene woipeka sanaliganizire.

Kutha ndi kubweranso kwa mbale

Chimene chinagonjetsa mbale kuno ndi kaseti, imene kampani ya Philips inaitulutsa mu 1963 ndipo inafala m'Malawi m'zaka za m'ma 1980. Kaseti inali yotsika mtengo, sinkadumpha pa njinga kapena m'basi, inkadya mabatire ochepa, ndipo munthu ankatha kujambulirapo nyimbo za pa wayilesi kapena za mnzake. Inatsegulanso khomo kwa oyimba a m'dziko muno, monga gulu la Alleluya la ku Balaka ndi Lucius Banda, amene nyimbo zawo zinafika m'midzi yonse popanda kudikira fakitale yakunja. Masingano ndi zipangizo zina zokonzera gumbagumba zitasowa m'masitolo, mbale zinalowa m'mabokosi, zina zinapachikidwa pakhoma ngati zokongoletsa, zina ana anaziseweretsa mpaka kusweka, ndipo zina zinapindika ndi kutentha pansi pa madenga a malata.

Kumaiko akunja zinthu zatembenuka m'zaka zaposachedwa, moti mu 2022 ku America mbale zinagulidwa zambiri kuposa ma CD, kwa nthawi yoyamba kuchokera mu 1987. Chidwichi chafikanso pa nyimbo zakale za mu Africa. Nyimbo za ku Zambia za m'ma 1970 zotchedwa Zamrock, za magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, zinadindidwanso ndi kampani ya Now-Again ya ku America, ndipo pa ntchito yotere mbale zosungidwa ndi anthu wamba zimakhala zofunika kwambiri pamene matepi oyambirira anatayika. Zimenezi zikusonyeza kuti mwambi wakuti tsabola wakale sawawa sugwira ntchito pa nyimbo, komanso zikuchenjeza mabanja kuti mbale yosowa, makamaka ya oyimba a m'Malawi kapena a ku Zambia, ikhoza kukhala ya mtengo wapatali kuposa mmene wogula wodutsa angatchulire. Mbale yogulitsidwa imapita ndi nyimbo yake, koma dzina la amene anaigula, ulendo umene anayenda ndi ukwati umene inavinidwa sizilowa m'katundu wa wogulayo.

Kusunga mbale ndi nkhani yake

Kusamala mbale sikufuna ndalama zambiri. Mbale ziyenera kuimikidwa chilili ngati mabuku, osati kusanjikizidwa, chifukwa kulemera ndi kutentha zimazipinda, ndipo ziyenera kukhala kutali ndi dzuwa, moto ndi denga la malata. Bokosi likhale pamwamba, posafika chinyezi ndi chiswe, zimene zimawononga zikuto ndi kumeretsa nkhungu m'tinjira ta mbale. Pogwira mbale, zala zikhudze m'mphepete ndi pakati pokha, ndipo poitsuka pamafunika madzi oyera, kansalu kofewa koyendetsedwa motsatira tinjira, ndi kusamala kuti chipepala cha pakati chisanyowe. Mbale zolemera za 78 siziyenera kupukutidwa ndi spiriti kapena mowa, popeza zimenezi zimasungunula utomoni wake, ndiponso mbale za vinyl siziyenera kuyimbidwa ndi singano yachitsulo ya galamafoni yopukusa, imene imang'amba kanjira pa ulendo umodzi wokha.

Ntchito yofunika kuposa zonsezi ndi yofunsa ndi kulemba. Malawi ali ndi malo osungira mbiri, monga National Archives ku Zomba, nkhokwe ya matepi ya MBC ndi ntchito imene Moya Malamusi anayambitsa ku Chileka yosonkhanitsa nyimbo ndi nthano, ndipo John Lwanda, kudzera m'dzina la Pamtondo, anafalitsa nyimbo za oyimba a kuno ndi kulemba mbiri yawo. Malo oterewa angasunge mawu a nyimbo, koma mbiri ya mbale ya m'banja ili m'mutu mwa munthu mmodzi kapena awiri, ndipo mnyamata amene anapita ku Wenela ali ndi zaka 20 mu 1970 tsopano wapitirira zaka 70. Mdzukulu amene ali ndi foni angathe kujambula chithunzi cha mbale iliyonse mbali zonse ziwiri, kukhala pansi ndi agogo, kuwatchulira dzina lolembedwa pa mbaleyo, kuwaikira nyimboyo ngati ikupezeka pa intaneti, ndi kujambula zimene anganene, kenako n'kulemba mwachidule pa kapepala kolowetsa m'chikuto. Aphunzitsi a m'sukulu za m'derali angathenso kupatsa ophunzira ntchito yotere pa phunziro la mbiri, popeza bokosi limodzi la mbale limafotokoza za Wenela, za chitaganya, za maesiteti ndi za ulamuliro wa chipani chimodzi kudzera mwa anthu amene ophunzirawo amawadziwa maina.

Alimi a ku Kapelula amadziwa kuti fodya wosungidwa bwino m'chigafa amafunikabe kumusankha ndi kumulemba chizindikiro asanapite kumsika, chifukwa belo lopanda dzina silibweza kanthu kwa mwini wake. Mbale zilinso chimodzimodzi, pakuti mwini nkhani akamwalira asanafunsidwe, katundu wake akamagawidwa, mbale imaoneka ngati pulasitiki wakuda wopanda ntchito, ndipo imatayidwa kapena kugulitsidwa pa mtengo wa botolo la chakumwa. Banja limene lalemba kuti mbale yakutiyakuti inagulidwa ku Bulawayo ndi agogo aamuna, chaka chimene mwana wawo woyamba anabadwa, lasiyira zidzukulu chinthu chimene zingathe kuchigwira m'manja pofotokoza kumene zinachokera, ngakhale singano yoyimbira mbaleyo itapanda kupezekanso.